Makina Amene Anafungatira Mazira

Ine, Elifala Malizani, wa zaka 73, wa m'mudzi mwa Chimbuli, dera la Nachisaka, boma la Dowa, woyendetsa ngolo, ndikunena izi ndili bwinobwino, osalawa kanthu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma dzina ndimalemba ndekha, inki yodindira chala musungire ena.

Mwandiitana pa mlandu wa Veronika Gwaza, amene ali m'selo mwanu muno chifukwa akuti anaba makina a kopaletivi yathu ya Tiyesenawo. Wodandaula ndi wapampando wathu, a Langton Kamphinda. Lemberanitu kuti a Langtonwo ndi alamu anga, anakwatira mlongo wanga Manesi. Sindinawasankhe ndine.

Chaka chatha kopaletivi inalandira makina awiri a kompyuta, akuda, ofika m'bondo, ofanana ngati mapasa. Veronika, amene analembedwa ntchito yowayang'anira, amawatcha maseva. M'menemo ndi momwe mumakhala mayina a alimi, zithunzi zawo, minda yawo, ndi zonse zimene sikelo yayeza, soya ndi mtedza. Makalaliki a m'madepoti amangolemba pa foni, zolembazo n'kumakalowa m'makinamo. Ena anawaika mu ofesi ya kwathu ku Nachisaka, enawo m'kachipinda ka kuseri kwa depoti ya ku Kasakula, ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri. A ku Kasakulawo ndinakasiya ndine pa ngolo yanga.

Tsiku limenelo ndinamufunsa Veronika kuti, "Mwana wanga, mapasa amawalekanitsa?" Iye anati, "Agogo, chimene chalembedwa kuno, nthawi yomweyo chalembedwanso ku Kasakula. Kuno kukagwa mphezi, kapena sola ikafa, aja apitiriza ntchito, mlimi osadziwa n'komwe. Koma akhale motalikirana. Akakhala pamodzi, tsoka likabwera liwapeza onse." Mawu omwewa anawanenanso pamsonkhano wa alimi, a Langton ali pampando akugwedeza mutu. Mutuwo amaugwedezanso chimodzimodzi m'tchalitchi akamasinza, ndiye sindingalumbire kuti anamva.

Mu Febuluwale mabatire a ofesi ya kwathu anafa, makina a kuno anazima, ndipo ntchito sinaime. Izi ndinaona ndekha. A Langton anazilengeza pamsonkhano ngati anapanga ndi iwo.

Kuchiyambi kwa Juni mayi ake a Veronika anagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe, iye n'kupita kukadikira matenda. Makiyi a kachipinda ka ku Kasakula alipo awiri: ina anapita nayo iye, ina amasunga wapampando.

Lachiwiri la sabata yotsatira, m'mawa, a Langton anafika kwathu. Anati, "Alamu, mangani ng'ombe. Lachinayi kukubwera alendo a ku Lilongwe, ogula soya. Tikatenge makina aja a ku Kasakula." Ndinati, "Si paja mtsikana uja anati asayandikane?" Iwo anati, "Mlendo akabwera umamuonetsa ng'ombe zonse zili m'khola. Sungamuuze kuti ina ili kuseri kwa phiri, iye angokhulupirira. Akapita tibweza."

Tinapita ndi ng'ombe zanga ziwiri, Bantomu ndi Sikochi. A Langton anatsegula kachipindako ndi kiyi yawo, anazula mawaya, tinagoneka makinawo pa matiresi, n'kufunditsa lona. Njira yonse anakhala kumbuyo atawakumbatira, moti anthu awiri amene tinakumana nawo pa mlatho anavula zipewa. Tinafika ku Nachisaka dzuwa likulowa. A Langton analumikiza okha mawaya, chifukwa Veronika anali atawamata mitundu, wofiira pofiira, wachikasu pachikasu. Timagetsi tinayamba kuphethira.

Lachitatu Veronika anaimba foni ine ndili pomwepo. Alamu anga makutu anayamba kupuma, ndiye foni amaiika pa sipika, mudzi wonse umamva. Iye anati, "Bambo wapampando, a ku Kasakula anazima dzulo tsiku lonse. Chachitika n'chiyani?" Iwo anati, "Anali magetsi, mwana wanga, abwerera." Iye anati, "Inde, ndikuona pa foni pano kuti onse awiri ayamba kuyankhulana." Foni yakeyo imangoonetsa kuti makina ali moyo. Siinena kuti agona nyumba ya ndani.

Lachinayi alendo anabwera. Makina awiri aja anaikidwa m'chipinda cham'kati, Manesi atayala nsalu yoluka pamwamba ndi maluwa apulasitiki. Mlendo mmodzi, mayi wovala magalasi, anafunsa kuti, "Enawa si amayenera kukhala kwina?" A Langton anati, "Abwera kudzakuonani." Alendo anaseka, anajambula, anadya mbuzi, anapita.

Lachisanu m'mawa ndinafika ndi ngolo kuti tikabweze. Kunali chisanu cha Juni chija cholowa m'mano. Ndinawapeza alamu anga atagwada kuseri kwa makina, dzanja ataliika pamene pamatulukira mpweya. Anati, "Alamu, gwirani apa." Ndinagwira. Panali potentha. Anati, "Thadzi limatentha chonchi. Ndipotu ili silituluka kukadya."

Apa ndifotokoze. Sabata imeneyo vumbwe anali atawagwirira mathadzi awiri, ndipo iwo anali atagula kale mathireyi awiri a mazira a nkhuku za Mikolongwe oti afungatiritse. Ndinaona ndi maso anga a Langton akukankha makina aja mpaka anatsala pang'ono kugundana mbuyo. Pakati anaika dengu, m'dengumo makoko a mtedza ndi thonje, pamwamba pake mazira. Pamwamba pa makina anaika mbale ya madzi, ati mazira asaume, anamva choncho kwa munthu wina pa msika. Kenako anafunditsa zonsezo mabulangete awiri, m'mbali n'kutseka ndi masaka kuti mpweya usathawe.

Ndinati, "Alamu, makinawa sapuma?" Anati, "Inu mukafunda bulangete mumafa?" Ndinati, "Ine mutu ndimatulutsa." Anati, "Milungu itatu yokha. Anapiye akatuluka tibweza, ndipo awiri ndi anu." Sindinavomere, sindinakane. Anapiye osabadwa sakanidwa. Anakhoma chitseko, kiyi m'thumba, n'kundiuza kuti ndizipita. Ndinabwerera ngolo ili yopanda kanthu. Ndabwereza dala, bwana, lembani kawiri ngati pepala lilipo: Lachisanu limenelo sindinapite ku Kasakula, ndipo makinawo sanabwezedwe, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Patapita masiku angapo ndinabwera ku ofesi ndi matumba a soya a mlimi wina. Ndili panja ndinamva makina aja akulira m'chipindamo ngati njinga yamoto ikukwera chitunda itanyamula anthu atatu. Foni ya a Langton inalira. Anali Veronika. Anati, "Bambo wapampando, makina onse awiri akudandaula kuti atentha. Onse awiri nthawi imodzi, mu Juni, zatheka bwanji?" Iwo anati, "Kuno dzuwa lawala kwambiri." Ine ndinali nditavala jekete, juzi ndi chipewa cha ubweya. Iye anati, "Chonde tsegulani zenera, muone ngati pali chimene chatseka kumbuyo kwake. Ndipo wina apite ku Kasakula akaonenso." Iwo anati, "A Malizani apita." Atadula foni anatsegula zenera la chipinda china. Ine sanandiuze kanthu.

Sabata yachiwiri fungo linayamba. Poyamba anthu amati khoswe wafera kudenga. Kalaliki anakwera, sanapeze khoswe, anatsika akulavula. Kenako anatulutsa tebulo lake n'kumagwirira ntchito pansi pa mtengo. Pa bowo la kiyi panadzaza ntchentche zobiriwira zija, zikulowa ndi kutuluka mwa mzere ngati zalipira. Agalu a m'midzi itatu anayamba kugona pakhonde la ofesi. A Langton amalowabe m'mawa ndi madzulo kukatembenuza mazira, akatuluka anthu amawapatukira njira, iwo n'kumaganiza kuti ndi ulemu.

Ndinawakokera pambali. Ndinati, "Alamu, m'menemo mwafa." Anati, "Ndi fungo la moyo. Mwana akamabadwa sanunkhira sopo." Ndinati, "Ine ndabereka asanu ndi awiri, palibe amene anaitana agalu."

Lolemba lapitali linali tsiku la sikelo. Alimi anali atandandalika ndi matumba kuyambira pakhomo mpaka pamsewu, ine ndili pomwepo ndi ngolo. Cha m'ma 10 koloko m'chipindamo munamveka phu, kenako phu, phu, ngati ana akuwotcha chimanga chouma. Kenako kulira kuja kunaleka. Kalaliki anati foni yake yasiya kulandira. Posakhalitsa anayamba kuimba a m'madepoti ena, a ku Kasakula komwe, onse mawu amodzi. Masikelo onse anaima.

A Langton anandikodola. Tinalowa awiri, anatseka chitseko, n'kuvundukula bulangete.

Bwana, pa ngolo yanga ndanyamulapo manyowa a nkhumba. Ndanyamulapo ng'ombe imene inafera m'dambo n'kupezeka pa tsiku lachitatu. Zonsezo ndinanyamula ndikuimba nyimbo. Apa sindinaimbe. Bulangete linamatirira, pochotsa linalira ngati akusenda chikopa. Mazira ambiri anali ataphulika, zam'kati zakuda ndi zobiriwira zitathovokera pa makina onse awiri. Timapiko tozungulira ta kumbuyo kwa makina, tokoka mpweya, tinali titakokera zonsezo m'kati, pamodzi ndi makoko ndi thonje, mpaka mabowo onse anatsekeka ngati awazira ndi dothi. Mbale ya madzi inali itagwera pakati. M'dengumo munali mphutsi zoyera zonenepa, ndipo ndi zokhazo zimene zinaswedwa m'chipinda chimenecho. Dzira lina linaphulika ife tili pomwepo, n'kuwawaza a Langton pa kolala. Mbatata zimene ndinadya m'mawa ndinazisiya pakona ya chitseko, ngati mukufuna umboni wina.

Ndinati, "Alamu, anapiye anga awiri ndi ati?"

Anatuluka kukauza alimi kuti netiweki yavuta, abwere tsiku lina. Alimi anasenza matumba awo kubwerera, ena anakagulitsa kwa mavenda pamsewu. Anthu atabalalika, a Langton anakokera makina a kuno kuseri kwa ofesi n'kuwatsuka ndi sopo wa ufa, bulashi ndi ndowa zitatu za madzi, kunja ndi m'kati momwe, n'kuwayanika padzuwa ngati mbale. A ku Kasakula anati tiwakweze pa ngolo, pamodzi ndi dengu ndi mabulangete. Anati, "Kuseri kwa chigafa changa cha fodya kuli chimbudzi chakale. Kaponyeni zonsezi m'menemo. Munthu asakuoneni."

Ndinapita. Dengu ndinalipinda linalowa. Mabulangete ndinakankha ndi mtengo analowa. Makina anakana. Bowo lija analiboolera munthu, osati kompyuta. Ndinayesa chammbali, ndinayesa choimika, simenti inayamba kung'aluka, ndipo ine sindinafune kuti mbiri yanga ithere m'dzenje la alamu anga. Ndinawabwezera pa ngolo, ndinafunditsa lona, ndinapita nawo kwathu n'kukaimika ngoloyo kuseri kwa khola. Mkazi wanga Elube anatuluka atagwira mphuno nati, "Bambo, mwabisa maliro a ndani?" Ndinati, "A kopaletivi." Kuyambira tsiku limenelo chakudya amandipatsira pa chulu.

Madzulo a Langton anandifunsa kuti, "Zalowa?" Ndinati, "Zimene zinatha kulowa zalowa." Sanafunsenso.

Zotsatirazi sindinazione, ndinangomva, lembani choncho. Ndinamva kuti a Langton anali atauza kale komiti kuti ine ndinabweza makina ku Kasakula alendo atangopita. Ndinamva kuti Veronika anabwera Lachitatu, atasiya mayi ake m'manja mwa mayi wina wodikira matenda pa bedi loyandikana, n'kupeza kachipinda ka ku Kasakula kali mbee, loko ali bwinobwino. Ndinamva kuti a Langton anafika pano kudzanena kuti wa kiyi ina ndi Veronika, kuti anagulitsa makinawo ku Lilongwe chifukwa cha matenda, ndipo kuti a kunowa anafa chifukwa anasowa mnzawo. Zonsezi ndinamva dzulo potuluka m'tchalitchi, pamene amayi amvano amanena kuti mtsikanayo wagona muno kuyambira Lachisanu ndipo Lachiwiri akukalowa m'khoti.

Dzulo lomwelo masana a Langton anabwera kwathu ndi paketi ya shuga. Anakhala chakutali ndi khola, mphepo inali kuwakomera. Anati, "Alamu, apolisi akufuna mawu anu. Mukanene kuti Lachisanu lija munabweza makina, ine ndinatseka. Basi, musatalikitse, ndikukudziwani." Ndinati, "Nanga mtsikanayo?" Anati, "Ndi wophunzira, adzapeza ntchito ina. Ine ndili ndi dzina. Ndikamangidwa mlongo wanu adzadya chiyani?" Ndinati, "Mazira." Anaimirira osatsanzika. Shuga anasiya. Ndabwera naye, ali m'thumba la jekete, sindinatsegule.

Atapita, mlongo wanga Manesi anadzera njira ya kumunda. Sanakhale pansi. Anati, "Achimwene, mukanene zimene munaona. Malaya awo aja ndachapa kanayi, kenako ndawotcha. Ndatopa kugona mutu uli kuzenera." Ndinati ndamva.

Lero m'mawa a Langton anabwera pa njinga yamoto kuti anditenge. Ndinati thupi langa linazolowera ngolo, atsogole. Ndabwera ndi Bantomu ndi Sikochi, ndipo ntchentche zandiperekeza njira yonse. Pa chitunda cha kufupi ndi kuno mayi wina anapempha kuti ndimukweze ndi mtolo wake. Anakwera, anatsika yekha ngolo ikuyenda.

Mwafunsa ngati ndingazindikire makinawo. Ndingawazindikire nditatseka maso, inunso mungathe. Koma kunsi kwake kuli nambala, ndipo pambali pa nambalapo palembedwa kuti Kasakula ndi penti yoyera. Mphutsi sizinadye pamenepo, ndaona m'mawa. Mwafunsanso ngati mayina a alimi ndi zoyeza za sikelo zidakalimo. Ine sindikudziwa. Awa sanasambitsidwe ndi sopo ngati anzawo aja, ndiye mwina. Amene angadziwe ndi amene mwamutsekerayo.

Ngolo ndaiimika kuseri kwa mpanda wanu, kumunsi, chifukwa ndimalemekeza boma. A Langton ali pa benchi panjapo, avala tayi, akudikira kuti ndituluke ndiwauze kuti sindinatalikitse. Muwaitane akavundukule lonalo okha, anazolowera. Inu muime kumtunda kwa mphepo, ndipo amene wadya kale asabwere.

Ndaona mwatuma mnzanuyo ndi makiyi. Pomutulutsa Veronika mumudzeretse khomo la kutsogolo, osati la ku ngolo. Ndowa ya m'selo waipirira kuyambira Lachisanu, zamukwanira. Minibasi za ku Lilongwe zikadalipo pa siteji, akafulumira akawapeza mayi ake dzuwa lisanalowe.

Mwandiwerengera, ndamva, ndipo ndi mawu anga, kupatula awiri aja amene mwakana kulemba. Zimene ndikudziwa zathera pamenepa.

Wopereka umboni: Elifala Malizani